MBIRI YA DOLLY RATHEBE, MKAZI WOMVEKA M'KANEMA WA KU JONI

Amuna ambiri a m'boma lathu lino la Dedza, kuyambira ku Bembeke, ku Linthipe ndi ku Kasina mpaka kutsikira ku Mua ndi ku Mtakataka, anathera unyamata wao m'migodi ya golidi ya ku Johannesburg, mzinda umene makolo athu anaucha Joni. Ena anatengedwa ndi Wenela, ena anayenda okha paselefu. Ena anabwerako ndi njinga, mabulangeti ndi garamafoni, koma ena anasanduka machona osaonekanso kumudzi. Amene anafika kumeneko pakati pa 1949 ndi 1955 anapeza kuti m'malokeshoni monse anthu anali kuchula dzina la mkazi mmodzi, ndilo Dolly Rathebe. Iyeyu ndiye mkazi wakuda woyamba kumveka monga wosewera m'kanema m'dziko la South Africa.

Tikulemberani mbiri yace, owerenga athu, pakuti m'moyo wa munthu mmodziyu muoneka bwino m'mene dziko lija, limene abale athu analikhetsera thukuta, linali kusungira anthu ace akuda, angakhale iwo amene linali kuwaombera m'manja.

Ubwana wace ku Sophiatown

Anabadwa m'caka ca 1928 ku Randfontein, mzinda wa migodi kumadzulo kwa Johannesburg, ndipo dzina lace lenileni linali Josephine Malatsi. Anakulira ku Sophiatown. Malo amenewa anali osiyana ndi malokeshoni ena, cifukwa kumeneko munthu wakuda anali wololedwa kugula malo ndi kumangapo nyumba yaceyace, osati ya boma kapena ya kampani. Cifukwa cace anthu anadzazana kwambiri: Azulu, Asutu, Atswana, Makaladi, Amwenye ndi Acaina, onse pamodzi, mabanja angapo pa mpopi umodzi wa madzi. Munali aphunzitsi, anamwino, olemba nkhani ndi oimba. Munalinso magulu a atsotsi oyenda ndi mipeni, obvala motsanzira anthu a ku America amene anali kuwaona m'bayisikopo ya Odin.

Pamwamba pa citunda panali chalichi ca Christ the King ca Mpingo wa Anglican, kumene m'caka ca 1943 kunafika Bambo Trevor Huddleston, wansembe amene pambuyo pace anamveka dziko lonse cifukwa ca kutsutsa tsankho. Mpingo womwewo unali ndi sukulu ya St Cyprian's, ndipo kumeneko ndiko Josephine anaphunzira. Anali mtsikana wosakhazikika, wa nthabwala, wa liu lalikuru ndi lakuya, lomveka bwino ngakhale pa khamu la anthu. Dzina lija la Dolly Rathebe silinali lace: linali la mnzace wa pasukulu, iye nalibwereka, ndipo linamkakamira kufikira imfa yace.

Ca m'ma 1948, ali kuimba pa cikondwerero cina pafupi ndi mzindawo, anamvedwa ndi munthu amene nchito yace inali kufunafuna oimba atsopano oti mau ao ajambulidwe pa mbale za garamafoni. Pamenepo ndipo njira yace inatseguka.

Kanema woyamba

Kuti timvetse cimene cinacitika m'caka ca 1949, tikumbukire m'mene kanema analiri masiku amenewo. Anthu akuda anali kuonera zithunzi zoyenda m'makomponi a migodi ndi m'maholo a m'malokeshoni, monganso kuno kwathu magalimoto a boma anali kuyendayenda nazo m'maboma ndi m'masukulu. Koma zambiri zinali zocokera ku America, za anyamata okwera akavalo ndi kuomberana mfuti. Munthu wakuda akaonekamo, anali wonyamula katundu wa Mzungu, kapena wophika, kapena mmodzi wa gulu lopfuula kuthengo. Panalibe nkhani yoti mwini wace akhale munthu wonga iwo amene anali kuonera.

M'caka cimeneco Azungu awiri ocokera ku Britain, Donald Swanson ndi Eric Rutherford, anaganiza zokonza kanema wa anthu akuda, woseweredwa ndi anthu akuda. Anamucha Jim Comes to Jo'burg, ndiko kunena kuti Jim afika ku Joni. Ena amdziwa ndi dzina la African Jim. Mnyamata Daniel Adnewmah anasewera monga Jim, ndipo Dolly, ali ndi zaka 21, anasankhidwa kukhala namwali woimba.

Nkhani yace ndi yodziwika kwa ali yense amene anaperekezapo mbale wace pa ulendo wa kumwera. Jim atsazika kumudzi, nakwera sitima kukafuna nchito. Atangotsika mu mzinda, atsotsi amgwira, namlanda zonse anali nazo. Mlonda wina wa usiku amcitira cifundo, namthandiza. Jim ayesa nchito iyi ndi iyo, osakhalitsa, mpaka alembedwa yoperekera zakudya m'nyumba ya zoimbaimba, m'mene aonana ndi namwali uja. Potsiriza athandiza kugwira mbala, ndipo iye ndi namwaliyo aimba pamodzi, mau ao najambulidwa pa mbale.

Anthu ozindikira ananena poyera kuti kanemayu anabisa zambiri. Sanaonetse zitupa zimene munthu wakuda anali kumangidwa nazo tsiku ndi tsiku, sanaonetse kutentha kwa pansi pa mgodi, kapena cifuwa ca pfumbi la miyala cimene cinabweza amuna ambiri kumudzi ali otheratu. Izi nzoona. Komabe anthu anathamangira kukamuona, ena kawiri ndi katatu, pakuti kwa nthawi yoyamba anaona pa cinsaru cija nkhope zonga zao, misewu yodziwika kwa iwo, ndi oimba ao a gulu la Jazz Maniacs. Koposa onse anaona Dolly, mwana wa ku Sophiatown, ataima mosaopa, wobvala bwino, ali kuimba ngati mwini wace wa mzinda.

Mbiri yace inabuka kotero kuti dzina lace linalowa m'cilankhulo ca m'misewu. Acinyamata pofunsana za moyo, wina akafuna kunena kuti zinthu ziri bwino, anali kungochula dzina la Dolly. Zikakoma kopambana, anali kunena kuti ndi Dolly wowirikiza. Dzina lobwereka lija linasanduka liu la cikondwerero m'kamwa mwa anthu amene zokondwera nazo zinali zocepa.

M'caka ca 1951 Swanson anakonza kanema waciwiri, The Magic Garden, amene anajambulidwa m'lokeshoni ya Alexandra. Nkhani yace ndi yoseketsa. Mbala iba ndarama zimene munthu wina anapereka kuchalichi, nizibisa pansi pa dzungu m'dimba la mai wina wosauka. Maiyo azipeza, nayesa kuti ndi cozizwitsa. Ndipo ndaramazo ziyenda kucoka m'manja umu kulowa m'manja umo, mbala iri kuzithamangira, zikuthandiza osowa ali onse zikawapeza, mpaka zibwerera kuchalichi komwe zinacokera. Dolly anasewera monga namwali amene ukwati wace unali kucedwa cifukwa ca kusowa kwa ndarama. Mu kanema yemweyu Willard Cele analiza kacitoliro ka citsulo, kamene pambuyo pace kanawanda m'misewu yonse pamodzi ndi nyimbo za kwela. Kanemayu anaonetsedwanso ku Britain ndi ku America.

Munthu akadayesa kuti tsopano makanema ena ambiri atsatira. Sizinatero ai. Ndarama zokonzera kanema zinali m'manja mwa Azungu, ndipo boma la cipani ca National, limene linalowa m'caka ca 1948 ndi lamulo lace la apartheid, silinafune kuti munthu wakuda aoneke monga mwini wa mzinda, koma monga mlendo wodzagwira nchito amene adzabwerera kumudzi. Panapita zaka zoposa 30 Dolly asanapatsidwenso mbali yomveka m'kanema.

Amangidwa pa mulu wa mcenga

M'caka ca 1951 munayamba magazini yochedwa Drum, imene inawerengedwa ndi anthu akuda m'maiko ambiri a Africa. Wojambula zithunzi wace anali mnyamata wa ku Germany, Jürgen Schadeberg. M'caka ca 1952 iye anafuna kujambula Dolly atabvala cobvala cosambira, monga ngati ali m'mbali mwa nyanja. Koma ku Johannesburg kulibe nyanja. Cimene ciripo ndi miulu yaikuru ya mcenga woyera ndi wacikasu, wotsala miyala ya golidi itaperedwa, umene anaufukula pansi pa nthaka ndi amuna ocokera ku Mozambique, ku Basutoland, ku Transkei ndi kuno ku Nyasaland. Awiriwo anakwera pa mulu umodzi, nayamba nchito yao.

Apolisi anawapeza pomwepo. Powaona Mzungu ndi mkazi wakuda ali okha, sanafunse zambiri: anawaganizira kuti aphwanya lamulo loletsa cibwenzi pakati pa Mzungu ndi munthu wa khungu lina, lamulo limene linakhwimitsidwa m'caka ca 1950. Anawatengera ku polisi, ndipo popeza panalibe mlandu weniweni, anawamasula. Zithunzizo zinasindikizidwa, ndipo ziri mwa zithunzi zodziwika koposa za nthawi imeneyo.

Nkhani iyi ionetsa poyera malo amene Dolly anali nao. Nkhope yace inali pa cikuto ca magazini, dzina lace linali m'kamwa mwa anthu zikwi zambiri, koma pamaso pa wapolisi anali mkazi wakuda cabe, woti angathe kuponyedwa m'galimoto nthawi iri yonse.

Maulendo a nyimbo ndi kugwa kwa Sophiatown

Popeza khomo la kanema linatsekeka, Dolly anadalira liu lace. Anaimba ndi magulu omveka a masikuwo, monga Harlem Swingsters, ndipo m'caka ca 1954 analowa m'gulu la Alfred Herbert lochedwa African Jazz and Variety, limene linayenda m'mizinda yambiri ya South Africa kwa zaka zingapo. Kawirikawiri oonera anali Azungu. M'maholo m'mene Dolly anali kuomberedwa m'manja, abale ace sanali kuloledwa kukhala pa mipando. Ndipo nyimbo zitatha, woimbayo anali kukagona ku lokeshoni, pakuti mahotela a mu mzinda sanali kulandira anthu akuda. Atsikana ena amene anadza pambuyo pace, monga Miriam Makeba ndi Dorothy Masuka wobadwira ku Bulawayo, anapeza njira imene iye anayamba kuilambula.

Pa nthawi yomweyo mudzi wace unali kuphedwa. Boma linati Sophiatown ali pafupi kwambiri ndi nyumba za Azungu. Pa 9 February 1955, m'bandakuca, apolisi okwana 2,000 anafika ndi mfuti ndi malole, nayamba kunyamula mabanja ndi katundu wao kunka nao ku Meadowlands, kumene lero kuli mbali ya Soweto. Bambo Huddleston ndi atsogoleri ena anakaniza, koma sanaphule kanthu. M'zaka zotsatira anthu pafupifupi 60,000 anasamutsidwa, nyumba zao zinagumulidwa, ndipo pa malopo anamanga nyumba za Azungu, napacha Triomf, ndiko kunena cipambano. Mwa zocepa zimene zinatsala ciriri cinali chalichi cija ca pa citunda. Dzina la Sophiatown linabwezedwa m'caka ca 2006, Dolly atamwalira kale.

Pa 21 March 1960 apolisi anaombera anthu amene anasonkhana ku Sharpeville kukana zitupa, napha anthu 69. Zitatha izi boma linaumitsa dzanja. Misonkhano inaletsedwa, kuyenda usiku kunabvuta, ndipo maholo ambiri m'mene oimba akuda anali kupezera cakudya anatsekedwa kwa iwo. Oimba ambiri anaoloka nyanja. Miriam Makeba, amene anacoka m'caka ca 1959, anakanizidwa kubwera ngakhale ku maliro a mai ace, nakhala kunja zaka 31. Hugh Masekela, amene lipenga lace loyamba analandira kwa Bambo Huddleston, nayenso anacoka. Dolly sanasamuke. Akulu anati mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo. Iye anakhala m'dziko lace, nalawa zowawa zace pamodzi ndi anthu wamba.

Zaka za mdima

Ca pakati pa zaka za m'ma 1960 anaimbako ndi gulu la Elite Swingsters, koma nyimbo sizinathenso kudyetsa munthu ndi ana ace. Anakhalako ku Port Elizabeth, ndi ku Cape Town. Kumeneko malamulo anali kukondera Makaladi kuposa anthu akuda pa nkhani ya nyumba ndi nchito, kotero kuti Dolly anatenga dzina la Smith kuti aloledwe kukhala m'dera la Makaladi. Taonani tsono: mkazi amene dzina lace linali moni wa m'misewu, anafika pobisa dzina lomwelo kuti apeze pogona.

Kuti adye, anatsegula shabini, ndiyo nyumba yogulitsiramo mowa popanda cilolezo. Sitinena izi monga cinthu coyamikira, pakuti tonse tidziwa m'mene mowa upasulira mabanja ndi kumeza malipiro a mwezi wathunthu usiku umodzi. Koma tiyenera kudziwanso cifukwa cace akazi ambiri a m'mizinda ija analowa nchito imeneyi. Kufikira 1962 munthu wakuda sanali kuloledwa kugula mowa wa Cizungu. Mowa wa masese unali kugulitsidwa m'mabala a boma la mzinda, phindu lace nkulowa m'thumba la boma lomwelo. Ndipo mkazi wofulula yekha anali kumangidwa. Kwa mkazi wopanda mwamuna womdyetsa, nchito zinali ziwiri: kucapa ndi kuphika kunyumba ya Mzungu, ana ace ali kutali, kapena kugulitsa mowa mobisa ana ace ali pafupi. Dolly anasankha yaciwiriyo, naigwira zaka zambiri. Pambuyo pace anakakhazikika ku Mabopane, kumpoto kwa Pretoria, kumene anansi ace anali kumdziwa monga mai wa pa mudzi, acinyamata ambiri osadziwa kuti nkhope imeneyi inadzazapo maholo.

Abwereranso pa cinsaru

M'caka ca 1988, ali ndi zaka 60, anaonekanso m'kanema wochedwa Mapantsula, amene anakonzedwa ndi Oliver Schmitz ndi Thomas Mogotlane. Iyi ndi nkhani ya tsotsi wa ku Soweto amene atsekeredwa m'ndende pamodzi ndi anthu omenyera ufulu, nayamba kuzindikira kuti moyo wace wodzikonda ulibe pothera. Dolly anasewera monga mai mwini nyumba imene tsotsiyo anali kucita lendi, mai amene mwana wace atengedwa ndi apolisi. Zimene kanema wa 1949 anabisa, uyu anaziulula zonse. Cifukwa cace boma linamletsa poyamba, ngakhale kuti anaonetsedwa ku Cannes, m'dziko la France. Dolly sanafunikire kuphunzitsidwa mbali imeneyi, pakuti anakhala zaka zambiri pakati pa amai otere.

M'caka ca 1989 anagwirizananso ndi Elite Swingsters, natulutsa mbale yochedwa Woza m'caka ca 1991. Pa 10 May 1994, sabata imodzi ife a Malawi tisanaponye voti ya zipani zambiri, Nelson Mandela analumbiritsidwa ku Pretoria kukhala mtsogoleri wa dziko, ndipo Dolly anali mmodzi wa oimba pa mwambowo. M'caka comweco anaimbanso ku Westminster Abbey, mu mzinda wa London, pa mapemphero oyamika kuti South Africa wabwerera m'bungwe la Commonwealth.

M'caka ca 1995 anasewera mu Cry, the Beloved Country, kanema wocokera m'buku la Alan Paton la 1948, pamodzi ndi James Earl Jones ndi Richard Harris. Nkhani yace ndi ya mbusa wa Anglican wa kumudzi, Stephen Kumalo, amene apita ku Johannesburg kukafuna mwana wace wosowa, nampeza ali pa mlandu wakupha munthu. Dolly anasewera monga mkazi wa mbusayo, wotsala kumudzi ndi kudikira. Motero amene m'utsikana wace anali namwali wa mu mzinda wolandira mnyamata wocokera kumudzi, m'ukalamba wace anakhala mai wa kumudzi amene mzinda womwewo unamlanda mwana. Amai ambiri a kuno kwathu, amene anayang'ana kumseu zaka ndi zaka osalandira ngakhale kalata, adziwa bwino mbali yaciwiriyi.

Mthunzi wa kwa Dolly

Ulemu unadza mocedwa, koma unadza. M'caka ca 2001 analandira mphoto ya South African Music Awards yolemekeza nchito ya moyo wace wonse, ndipo m'caka ca 2004 boma la dziko lace linamninkha mendulo ya siliva ya Order of Ikhamanga, imene ipatsidwa kwa anthu opambana pa nyimbo, masewero ndi zaluso.

Koma m'zaka zace zotsiriza mtima wace unali pa nchito yina. Sanakhale munthu wolemera, komabe ndarama zimene anapeza poimba ndi posewera anazigwiritsa pothandiza osauka ndi okalamba a m'dera lace. M'mudzi wa Sofasonke, pafupi ndi Klipgat, kumpoto kwa Pretoria, anamangitsa holo yoti anthu a m'mudzimo azisonkhanamo ndi kucitiramo zosowa zao. Holoyo inachedwa Meriting kwaDolly. Liu loyambalo, m'cilankhulo ca Atswana, linena malo a mthunzi. Iye amene anaona nyumba za kwao zikugwetsedwa ndi makatapila, nayendayenda zaka zambiri wopanda malo oti ndi ace, anafuna kusiyira anzace denga loti abisalemo dzuwa ndi mvula.

Dolly Rathebe anamwalira pa 16 September 2004, atadwala matenda ofa ziwalo, ali ndi zaka 76. Makanema ace oyamba aja asungidwa kufikira lero, ndipo ophunzira mbiri ya Africa amawaonera kuti adziwe m'mene Joni analiri masiku amene agogo athu anali kukwera sitima kunka kumeneko. M'menemo aona mtsikana wa zaka 21 ali kuimba mokondwa, asanadziwe za malole a 1955, kapena za dzina la Smith, kapena za holo ya ku Sofasonke imene idzanyamule dzina lobwereka kwa mnzace wa pasukulu.